Mwana Wagwa, Musamudzutse

Mukadutsa mapiri aja amene mafumu awiri akhala akukanirana kuti si awo, mufika mu ufumu wa Sindine. Ndi dziko labwino ndithu. Chimanga chimabereka, mango amachita kuwolera pansi, anthu ake ndi ansangala. Vuto lawo ndi limodzi basi: amaopa mlandu kuposa imfa. Ku Sindine munthu akaponda chala cha mnzake amayamba wacheuka kuti aone amene wamukankha. Mfumu yawo, Kalewa Wachiwiri, inakhala pampando zaka zambirimbiri osalakwapo ngakhale kamodzi, poti inali isanachitepo kanthu.

M'dzikomo munali bungwe lotchedwa Tilerane, limene linkapezera ana amasiye makomo oti akulireko. Linkagwira bwino ntchito, pamenepo sindinama ayi. Ana ankadya, ankapita kusukulu, ankakalipiridwa ngati ana ena onse. Mmodzi mwa anthu amene analandira mwana anali a Nagama, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika wa Tangomva, mumzinda wa Pewani, likulu la dzikolo. Anawapatsa kamtsikana dzina lake Tinyade, kakadali kokwawa, kowonda, maso okha aakulu. Pofika nthawi ya nkhani ino mwanayo anali ali sitandade fili, miyendo yosakhazikika, ndipo panalibe mtengo wa mango ku Pewani umene sankaudziwa nsonga yake. A Nagama ankamukonda mwanayo mopusa, ndipo sankabisa.

Zonse zinasokonekera chifukwa cha gwafa. Mwana wina wa bungwelo, kudera lina, anagwa mumtengo wa magwafa n'kuthyoka mkono. Mkono unapola, mwana anabwerera mumtengo womwewo. Koma kunatulukira malume ake, amene chiikireni maliro a mlongo wawo anali asanafunseko ngati mwanayo ali moyo. Anabwera atavala tayi, loya ali pambuyo, akulira mokweza kuti mtima wawo wathyokera limodzi ndi mkonowo ndipo ungapole ndi chipukuta misozi chokha. Anasumira bungwe. Bungwe linati ife tinachita kupatsidwa chilolezo ndi nduna. Nduna inati ine ndinachita kusankhidwa ndi mfumu. Mlandu unayenda choncho mpaka unakagogoda pachipata cha nyumba yachifumu.

Mfumu sinadye tsiku limenelo. Inaitanitsa nduna zonse mwamsangamsanga.

"Ndani anadzala mtengo wa magwafawo?" inafunsa mfumu.

"Unamera wokha, mfumu yanga," anayankha a Chizemba, Nduna ya Zopewa Milandu. "Tafufuza. Mbewu yake inabwera ndi mbalame, koma mbalameyo sitinaipeze."

"Ndiye mlanduwu ugwere ine? Ine ndinakwera mumtengo?"

"Ayi, mfumu. Inu chibadwire simunakwerepo chilichonse."

Nduna zonse zinawomba m'manja, poti zinali zoona.

Apo ndi pamene a Chizemba analowetsa mlamu wawo, a Mkwapatira, mkulu wa kampani ya inshuwaransi yotchedwa Pepani Pepani. Anali bambo wonenepa bwino, wa mawu ofewa, chikwama chili m'khwapa nthawi zonse. Anagwada, anawomba m'manja katatu, n'kuyamba kufotokoza.

"Inshuwaransi, mfumu, ndi chinthu chosavuta. Bungwe lizitilipira mwezi ndi mwezi. Mwana akavulala, wodandaula azibwera kwa ife. Inu osakhudzidwa, nduna osakhudzidwa, bungwe osakhudzidwa."

Mfumu inatsala pang'ono kulira ndi chisangalalo. "Koma pali anthu abwino padziko pano! Ndiye inu muzilipira mwana aliyense akagwa?"

"Zimenezo zisamafike, mfumu," anatero a Mkwapatira akumwetulira. "Tingofuna timalamulo pang'ono."

Timalamulo take tinafika pamsika wa Tangomva mawa lake, pa galimoto ya zimkuzamawu. Anthu anasiya malonda n'kutchera khutu. Mwana wa bungwe asakwere mtengo, asathamange, asasewere fulaye, asadye nsomba ya minga. Azivala mapilo kutsogolo, kumbuyo, m'mawondo ndi kumutu. Munthu womulera asamamutchule kuti amayi, poti zimenezo zimapatsa anthu maganizo akuti mwanayo ali ndi mwini wake. Azinena kuti a Wosunga. Wolengezayo anamwa madzi, n'kufika pa lamulo lalikulu.

"Mwana akagwa, asadzutsidwe mpaka woyeza wa kampani afike ndi tepi adzayeze kagwedwe kake! Woyeza asanafike, mlandu uli pa munthu wamkulu amene ali pafupi kwambiri ndi mwanayo! Womudzutsa wasenza mlandu wonse! Wosunga amene adzutse mwana alandidwa mwanayo, ndipo mwana apita ku Nyumba ya Matiresi!"

Nyumba ya Matiresi inali itamangidwa kale kunja kwa mzinda. Makoma matiresi, pansi matiresi, pabwalo palibe mtengo, palibe mwala, chakudya chake phala lozizira kuti mwana asapse pakamwa. Alendo sankaloledwa, poti mlendo angabwere ndi chimfine. Mwana akalowamo ankayenera kutuluka atakula, ali wosalala thupi lonse.

A Bwanali, bambo wokonza njinga amene ankakhala pafupi ndi benchi ya a Nagama, anakweza sipanala. "Pepani akulu, nanga mwana akagwera mumtsinje?"

Wolengeza anayang'ana papepala lake. "Woyeza adzabwera ndi bwato."

"Eya, ndiye zili bwino," anatero a Bwanali. "Ndimaopa kuti mwina simunaganizire."

Mapilo ovomerezeka ankagulitsidwa m'sitolo imodzi yokha, ya akazi awo a Chizemba, amene mwamwayi anali ataoda malole a mapilo sabata yathayo. Anthu a pamsika anati mayi ameneyo amalota bwino.

Madzulo ake a Nagama anamumanga Tinyade mapilo ndi zingwe za chitenje chakale. Atamaliza, mwana anangotsala nkhope ndi zala.

"Amayi, ndikumva kutentha."

"Ukakhala panja usamanene amayi. Uzinena a Wosunga."

"Nanga m'nyumba?"

"M'nyumba nena mpaka ndigonthe."

Tinyade anaseka, anayesa kukhala pamkeka, anapendekera kumbali n'kutsamira khoma. A Nagama sanaseke. Anali ndi mantha, mantha enieni, a munthu amene wauzidwa kuti akangotambasula mkono amulanda mwana. Anamugwira masaya onse awiri. "Tamvera, iwe. Usagwe. Ukagwa sinditha kukudzutsa, ndipo ndikakudzutsa akutenga. Wamva?"

"Ndamva, a Wosunga."

"Iwe! Tili m'nyumba muno."

Koma abale, mzinda wa Pewani unasintha. Anthu akaona mwana wa mapilo akubwera ankawoloka msewu, ena kulowa m'sitolo zomwe analibe nazo ntchito. Aphunzitsi ankaphunzitsa ana a bungwe ataima panja, mutu wokha uli pawindo. Makondakitala a minibasi, anthu oti sasiya ngakhale mbuzi pa siteji, ankati galimoto yadzaza muli anthu awiri. Tinyade akakhala pabenchi ya zitumbuwa, ogula ankaima patali n'kuponya ndalama, a Nagama n'kuwaponyera chitumbuwa, ndipo agalu a pamsika ananenepa chaka chimenecho.

Woyeza m'dziko lonse anali mmodzi, ndipo ankayenda panjinga. Mwana wina anagwa m'mawa pafupi ndi chigayo, anagona pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, mayi womusunga atakhala chapatali akumuponyera chinangwa ndi kumuimbira nyimbo. Anthu atafunsa kuti woyeza ali kuti, a Bwanali analoza njinga ya woyezayo yomwe inali chagada pamalo pawo.

"Tayala linaphwa. Akuti ndidikire kampani ivomereze chigamba."

"Bwanji osangomata, a Bwanali?"

"Ndimate ine, akagwe nayo, mlandu ukhale wanga? Inenso ndine wa ku Sindine konkuno, mayi."

Nyengo ya mango inafika. Ana obadwira m'makomo mwawo ankakwera m'mitengo, kukuwa, kugwa, kulira, kukweranso. Tinyade ankaima pansi, mutu uli m'mwamba mpaka pamene pilo ankalolera. Anasiya kuimba. Anasiya ngakhale kuba zitumbuwa zotentha, ndipo zimenezi ndi zomwe zinawapweteka kwambiri a Nagama. Ankamuyang'ana mwanayo n'kumadzifunsa ngati akumusunga kapena akungomuumitsa. Koma akakumbukira Nyumba ya Matiresi ankamanga zingwe zija mothina kuposa dzulo.

Kunyumba yachifumu kunali chikondwerero chokhachokha. A Chizemba anauza mfumu kuti chiyambire lamuloli palibe mlandu ndi umodzi womwe umene wagogoda pachipata. Mfumu inalamula kuti pakhale Tsiku la Chitetezo cha Ana, ana onse a bungwe adzagube pamaso pake, dziko lione. Bwalo linali pakachitunda kotsetsereka kuseri kwa msika. Mpando wachifumu anauika kumunsi, pamthunzi, kuti mfumu isapse ndi dzuwa. Palibe nduna imene inaganizirapo za kutsetserekako, ndipo ikanaganizira sikananena, poti wonena ndiye amafunsidwa.

Tsikulo linafika, anthu anadzaza bwalo. Mfumu inalankhula nthawi yaitali. Inati makolo athu ankalera ana mwachisawawa, n'chifukwa chake tonse tili ndi zipsera m'mawondo. Inati m'badwo ukubwerawu udzakhala woyamba kufika kumanda khungu lili lonse. A Mkwapatira anapukuta msozi. Kenako ng'oma zinalira, ana anayamba kudutsa kumtunda kwa bwalo, pang'onopang'ono, miyendo tang'a, thukuta lili kamukamu. Osunga anaikidwa kuseri kwa chingwe, a Nagama ali pakati pawo, maso ali pa Tinyade amene anali kumapeto kwa mzere.

Ndiye bango linagwa mumtengo. Bango lakupsa bwino, lachikasu, linagwera patsogolo penipeni pa Tinyade. Mutu wake unakumbukira malamulo onse, koma dzanja linali litapita kale. Anawerama, mapilo anamulemera kutsogolo, ndipo mwana uja anayamba kugubuduka. Gubudugubudu, kutsika chitunda, kudutsa oimba ng'oma amene anabalalika, kudutsa asilikali amene analumpha ngati aona njoka, mpaka anakaima pamapazi a Mfumu Kalewa, chagada, bango lili m'manja. Pilo wa kumutu anali atasunthika, ndipo pachipumi panali kabala kakutuluka magazi.

Nduna zinabwerera m'mbuyo zonse pamodzi, mwaluso, ngati zinachita kuphunzira. Mfumu inayang'ana kumanja, inayang'ana kumanzere, inapeza kuti yatsala yokha.

"Mkwapatira," inanong'ona, "wamkulu amene ali pafupi ndi mwanayu ndi ndani?"

A Mkwapatira anayankha ali kuseri kwa ng'oma. "Pakadali pano, mfumu, zikuoneka ngati ndi inu."

Ha! Mfumu inalumpha mpando. Tinyade anayesa kudzuka yekha, anaphupha miyendo, ndipo poti malo anali otsetsereka anayambanso kugubuduka, kulowera komwe mfumu inalowera. Mfumu inacheuka, inaona mlandu ukubwera, inaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, mkanjo uli m'manja, chisoti chitagwa. Ikakhotera kumanja chitunda chinkakhotera komweko. Anthu anayesa kudzigwira, koma a Bwanali atangoyamba, bwalo lonse linaphulika ndi chikhakhali. Kumunsi kwenikweni kunali mpanda ndi mtengo waukulu wa mango. Mfumu inafika pampanda, inasowa kolowera, ndipo Kalewa Wachiwiri, amene chibadwire anali asanakwerepo chilichonse, anakwera mumtengo. Tinyade anadzagunda tsinde lake n'kuima.

"Ndikadali pafupi?" inakuwa mfumu ili panthambi.

"Mukadali pafupi, mfumu!" anayankha anthu mosangalala.

"Woyeza ali kuti?"

"Tayala, mfumu!" anatero a Bwanali.

Koma mwana uja sankaseka. Magazi anali atatsikira m'diso, dzuwa likumuwomba kumaso, manja osafika pansi. Anayang'ana uku ndi uku, anaona miyendo ya anthu ili kutali yonse. Anayesa kukumbukira mawu ovomerezeka aja, koma anamuthawa.

"Amayi!" analira. "Amayi, ndidzutseni!"

Kuseka kunatha. A Nagama anali atagwira kale chingwe, amayi anzawo atawagwira chitenje. "Musapite, a Nagama, akulandani! Dikirani woyeza, mwana safa ndi kabala kameneko!" Ndipo ankanena zoona. A Nagama ankadziwa kuti akaima pomwepo mpaka madzulo apita naye kunyumba mwanayo, akapita kukamudzutsa sadzamuonanso mpaka atakula. Tinyade anaitananso. A Nagama anamasula chitenje chapamwamba n'kuwasiyira anzawo m'manja, anadutsa pansi pa chingwe, n'kutsika chitunda. Sanathamange. Anafika, anagwada, anamasula zingwe zonse, anataya mapilo uko, anamudzutsa mwana, anamupukuta magazi ndi mpango wa kumutu, n'kumukumbatira.

"Ndadzutsa ine," anatero mokweza, osayang'ana munthu. "Amene akufuna mlandu abwere kwa ine."

Mfumu inapumira m'mwamba panthambi paja. A Chizemba anatulukira kumene anabisala, anakonza tayi, mphamvu zitabwerera. "Asilikali! Tengani mwanayo, apite ku Nyumba ya Matiresi!"

Asilikali anayang'anana. Mkulu wawo anati, "Bwana, mwanayo ali ndi bala. Womugwira si ndiye akhala pafupi?"

A Chizemba anaitana mayi woyang'anira Nyumba ya Matiresi kuti adzamutenge yekha. Mayiyo anapukusa mutu ali patali. "Kwathu sitilandira mwana wa bala, bwana. Likadzatukusira ali m'manja mwathu, mlandu udzalowa naye m'nyumba."

"Ndiye kampani imutenge!"

"Pepani, pepani," anatero a Mkwapatira, chikwama atachikumbatira. "Inshuwaransi ya mwanayu yatha pomwe wadzutsidwa woyeza asanafike. Ife sitikumudziwa."

Mkulu wa bungwe la Tilerane, bambo wofatsa amene anali atatopa nazo zonsezi, anati lamulo silimulola kukhala ndi mwana wopanda inshuwaransi. Ananena akuyang'ana pansi, ndipo ena amati ankabisa kumwetulira.

"Nanga mwanayu ndi wa ndani?" inakuwa mfumu m'masamba. "Wanga si wanga! Chizemba, peza mwini wake msanga, nthambiyi ikundipweteka!"

A Chizemba anaganiza mpaka thukuta. Kenako nkhope yawo inawala, poti anali atapeza chilango choopsa kuposa chilichonse chimene munthu wa ku Sindine angachiganizire. Anakanong'oneza kutsinde kwa mtengo, ndipo mfumu inagamula ili m'mwamba momwemo.

"Iwe Nagama! Poti wadzutsa mwanayu mwadala, ukhala naye moyo wako wonse! Bungwe lamuchotsa, kampani yamuchotsa, ufumu sukumudziwa. Akagwa, ndi wako. Akadwala, ndi wako. Akathyola mkono, udzadzisumira wekha. Anthu onse aone, atengerepo phunziro!"

Nduna zinachita kugwira pakamwa ndi kuopsa kwa chigamulocho. A Nagama sanakhulupirire makutu awo. A Bwanali anawayandikira n'kunong'ona, "Mayi, lirani pang'ono, angasinthe maganizo." A Nagama analira. Sanachite kuyeserera ayi, misozi inali mbwembwembwe, ndipo nduna zinakhutira kuti chilango chapweteka.

Anthu anatengerapo phunziro ndithu. Kuseri kwa chingwe kuja osunga anayang'anana, kenako wina anawoloka, wina anatsatira, ndipo posakhalitsa mapilo anali mbwee bwalo lonse. Ana anathamanga monga ana amene akhala miyezi osathamanga, ndiye mukudziwa zomwe zinachitikira mawondo awo. Aliyense wogwa ankadzutsidwa pompo. Dzuwa lisanalowe panali mzere wautali pansi pa mtengo wa mango, amayi ndi abambo atagwira ana a mabala m'mawondo, kudikira chilango chawo mwaulemu. Mfumu inagamula mpaka mawu anasasa.

Itamaliza inafuna kutsika, koma panalibe wofuna kugwira makwerero. Tinyade, amene ankaudziwa mtengowo, anayamba kuti, "Aike mwendo wamanzere pa..." A Nagama anamutseka pakamwa. "Khala chete iwe, akagwa mlandu ndi wathu." Za mmene mfumu inatsikira, olemba mbiri ya ufumu sanena.

Chaka chotsatira nyumba yachifumu inalengeza kuti lamulo layenda bwino kwambiri, poti palibe mwana wa bungwe ndi mmodzi yemwe amene anavulala. Zinali zoona, bungwe linalibe mwana. Pepani Pepani inapitiriza kulandira ndalama zake mwezi ndi mwezi, kuteteza ana amene angadzabwere, ndipo a Chizemba anapatsidwa mendulo.

M'mawa mwa tsiku lotsatira chikondwerero chija, Tinyade anali kale pansonga ya mtengo wa kuseri kwa msika, kansalu kali pachipumi. A Nagama anasiya zitumbuwa pamoto n'kukaima pansi pake, akukuwa kuti tsika iwe, undipha ndi mantha. Anatsika mwana uja, mango ali m'diresi, ndipo pa nthambi yomaliza phazi linaterereka. Khu! Pansi ndi matako. Anthu odutsa anabalalika mwachizolowezi. A Nagama anamukoka mkono n'kumuimiritsa, anamusasa fumbi mwamphamvu kuposa mmene fumbilo linkafunira, akumukalipira mawu onse amene anawasunga miyezi yonse ija. Tinyade anayang'ana chigongono chake chosupuka, kenako anayang'ana a Nagama.

"Amayi, mlandu ndi wa ndani?"

"Wanga," anatero a Nagama. "Tola mangowo, zitumbuwa zikupserera."